Chuma Chobwereka cha Azakhali a Tisiyenji

Chinsapo, Lilongwe
7 Okutobala 2024

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Mwadzuka bwanji kumeneko ku Nsaru? Ine ndili bwino, kupatula miyendo imene ikudandaula ndi mtunda wochoka kuno ku Chinsapo kukafika ku ofesi. Poti foni yanu, Bambo, idakasambirabe m'chitsime cha kudimba, makalata ndiziwapatsira a Ambrose, dalaivala wa minibasi uja, pa depoti. Alonjeza kuti azikupatsani pamanja.

Atachimenti ija ndinayamba Lachiwiri lapitali. Ndibwerezenso chifukwa ndimakudziwani: si ntchito ayi, ndi gawo la sukulu. Koleji imatitumiza m'mabungwe kwa miyezi itatu kuti tikaone mmene ntchito imagwiridwira, kenako bwana amalemba lipoti lonena ngati mwana wa eniake ali ndi mutu kapena ayi. Malipiro palibe. Bungwe limene ndililo limagawa chimanga kwa mabanja amene njala yawapanikiza, ndipo ndi ng'amba ya chaka chinoyi anthu a mu ofesi muno sakupuma.

Mukafunsa chimene ineyo ndikuchita pa ntchito yaikulu chonchi, sindibisa. Ndaphunzira kutsegula makina a fotokope akameza pepala. Ndadziwanso kuti bambo wina wa muno amamwa tiyi wopanda shuga, koma amakwiya ukapanda kumufunsa ngati akufuna shuga. Bwana wanga ndi Mayi Patricia Gwaza, mayi wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono, koma akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umayamba kuulula ndi zimene sanakufunse. Andipatsa jekete yopanda manja, yolembedwa dzina la bungwe kumsana. Ndi yaikulu moti tikhoza kulowamo awiri ndi Amayi.

Ndiuzeni za kumudzi. Anyezi wa kudimba wagwira? Nanga azakhali a Tisiyenji akupeza bwanji ndi zidzukulu zitatu zija? Pamene ndinkachoka, munthu ukasuzumira nkhokwe yawo umaona kutsidya. Amayi, ngati kamtedza katsalako, a Ambrose sakana kunyamula, bola mumange mfundo ziwiri.

Mwana wanu,
Rozaria

Mudzi wa Kanyoni, Nsaru
13 Okutobala 2024

Kwa Bwana Rozaria Kamwaza,

Pepani bwana, sindikudziwa ngati masiku ano tikuloledwabe kunena kuti iwe. Koma poti matewera ako ndinayanikapo ine, ndipitiriza. Moni mwana wanga. Ife kuno Ambuye akutisunga, ngakhale dzuwa likuwotcha ngati tinalilakwira.

Kalata yako ndinaiwerenga kawiri pakhomo, ndi kamodzi ku mphakati Lachinayi titatha mapemphero. Mbali ya fotokope ndinailumpha chifukwa magalasi anachita nkhungu pamenepo. Mbali ya jekete ndinawerenga mokweza. Ukuti si ntchito? Mwana wanga, munthu wodzuka m'mawa, kusamba, kuvala jekete yolembedwa kumsana, n'kukalowa pa geti pomwe pali mlonda, ameneyo kuno ku Kanyoni ndi bwana. Zoti salipidwazo ndi za iye ndi Mulungu wake.

Tsopano tamva zimene watiputira. A Cosmas oyandikana nafewa akuti uwafunire ulonda, ati tulo anasiyana nato kalekale. Amayi a kwaya akufunsa ngati bungwe lanulo lili ndi zitenje. Wina anandiimitsa pa chigayo kufunsa ngati galimoto yakoyo ili ya zitseko zinayi. Ndinamuyankha kuti za ku ofesi sitikambira pamsewu.

Za azakhali ako, zinthu sizili bwino kwenikweni. Chimanga chawo chinauma chisanabereke, ukudziwa kale. Komiti ya m'mudzi inakhala pansi sabata yatha kusankha mabanja oti alandire chimanga cha bungwe lanulo, ndipo dzina lawo lalembedwa, lachinayi kuchokera pamwamba. Ndinathokoza Mulungu, koma ndisaname, kumva dzina la kwa Kamwaza likuitanidwa pagulu pakati pa osowa kunandibaya mumtima. Mlongo wa tcheyamani! Nyumba yathu sinalembedwe, ndipo nkoyenera, ife tidakali ndi pogwira.

Mtedza amayi ako atumiza. Ukaona mfundo imodzi yokha, udziwe kuti a Ambrose adulapo msonkho.

Bambo ako,
Cornelius Kamwaza
Tcheyamani wa Mphakati wa Monika Woyera

Pa depoti, Lilongwe
22 Okutobala 2024

Bambo ndi Amayi,

Moni nonse. Ndikulemba nditaimirira, minibasi ya a Ambrose yatsala munthu mmodzi kuti idzaze. Mtedza unafika, mfundo imodzi.

Nkhani ndi iyi: Lachinayi la sabata ya mawa, pa 31, tikubwera ku Kanyoni ndi Mayi Gwaza ndi anthu ena awiri a ku ofesi. Tidzayendera nyumba zingapo, ndipo ya azakhali ili m'gulumo. Bambo, chonde chonde, musadzandichititse manyazi pamaso pa mabwana anga. Zambiri ndilemba mawa, kondakitala akundikalipira.

Rozaria

Chinsapo, Lilongwe
23 Okutobala 2024

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Dzulo ndinalemba mothamanga, ndiye lero ndifotokoze bwinobwino za ulendo wathu. Bambo, kalata ino muwerenge yonse, magalasi asachite nkhungu paliponse.

Maina amene komiti inalemba aja sanatsimikizike. Ife tikubwera kudzaona ndi maso. Pakhomo lililonse Mayi Gwaza amafunsa mafunso a mu tabuleti: m'nyumba muli chiyani, ziweto zilipo zingati, chakudya chatsala chochuluka bwanji, dzulo mwadya kangati. Nyumba ikaoneka kuti ikudzidalira, dzina limachotsedwa n'kulowetsapo lina, chifukwa maina ndi ambiri kuposa chimanga. Choncho kwa azakhali musakonzeko kalikonse. Muwasiye momwe alili, ndipo akafunsidwa adzayankhe zoona zokhazokha.

Ine ndawauza kale Mayi Gwaza kuti amenewo ndi azakhali anga. Lamulo lake ndi lakuti pakhomo la m'bale wako sutsegula pakamwa, ndiye ndidzangonyamula chikwama basi. Mukadzandiona ndili duu, musadzaganize kuti tauni yandiwononga.

Manyazi amene ndimanena dzulo ndi ena. Musadzawafotokozere alendo nkhani ija ya sewero la Khirisimasi, pomwe mngelo ananyowetsa mkanjo pamaso pa abambo mfumu. Ndinali ndi zaka zisanu, ndipo nkhaniyo mwaidyerera mokwanira. Musadzapemphenso lifiti ya ku Namitete, galimoto ndi ya ntchito.

Mwana wanu,
Rozaria

Mudzi wa Kanyoni, Nsaru
1 Novembala 2024

Mwana wanga Rozaria,

Moni. Ndikhulupirira munafika bwino mu tauni dzulo. Tsopano tandiuza, manyazi anakugwira? Sindikupempha kuthokozedwa, koma udziwe thukuta limene linatuluka kuno chifukwa cha iwe.

Kakalata kako ka pa depoti katangofika, ndinapita kwa azakhali ako kukaona nyumba ndi maso a mlendo. Mayo ine! Mphasa imodzi, chitseko chomangira luzi, nkhokwe itagwada. Ndinati ayi, mwana wanga sangadzaime apa atavala jekete, mabwana ake n'kumati kodi kwanu n'kuno eti? Zambiri zija unati ulemba mawa sizinafike, koma munthu wamkulu sauzidwa kawiri. Ndinaitanitsa mphakati wonse.

Amayi anazira pansi ndi khonde lomwe. Mipando isanu ndi itatu ya pulasitiki tinakatenga kutchalitchi dzuwa lisanayambe kutentha, tikuyenda pamzere, wina aliyense mpando pamutu. Tebulo ndi nsalu ya maluwa unazizindikira, ndi za amayi ako. Sola ija inali padenga ndi ya a Cosmas, wailesinso ndi yawo, ndipo anaumirira kukhala pafupi nayo tsiku lonse ngati mlendo. Mbuzi zinayi zija ndi za a Davide. Imodzi inkalira kufuna kwawo, ndipo mtima wanga unali m'mwamba kuti ingatiulule.

Koma chimene ndikunyadira kwambiri ndi matumba khumi ndi awiri aja anali pakona. Nzeru imeneyo ndi yanga ndekha. Munali zitsononkho zokhazokha, mwana wanga! Thumba limodzi lokha, lija tinalisiya chotsegula, ndi limene tinathira chimanga chathu pamwamba. Ndinaona Mayi Gwaza akuwawerenga ndi chala.

Tambala wathu wakuda uja anafera ulendo wanu womwewu. Mabwana ako anakana kudya, ati lamulo la ntchito, koma bambo wamtali uja anameza malovu, ndinamuona. Azakhali ako nawonso anachita bwino, ngakhale nsapato za amayi ako zinkawaluma. Pamene anafunsidwa kuti dzulo mwadya kangati, anandiyang'ana, ine n'kukweza zala zitatu kuseri kwa chipewa. Anati katatu. Mayi uja analemba msangamsanga, zikuoneka kuti anakhutira nafe.

Iwe wekha ndi amene unandidabwitsa. Unali chete, maso pansi, ngati wabwera pamaliro. Ndikumvetsa, ndi ulemu wa pa ntchito, koma ukanamwetulirako pang'ono. Nkhani ya mngelo ija ndinawafotokozera pokwera galimoto, ndipo dalaivala wanu anaseka mpaka kutsokomola.

Utifunsire kuti chimanga chiyamba kugawidwa liti. Azakhali ako afunsa kale kawiri.

Bambo ako,
Cornelius Kamwaza

Chinsapo, Lilongwe
4 Novembala 2024

Bambo,

Moni ndikupatsani chifukwa munandilera bwino, koma mtima wanga ukuwawa. Dzina la azakhali lachotsedwa pa mndandanda. Salandira chimanga.

Ndinakulemberani pa 23 kuti musakonze kanthu. Lero ndawapanikiza a Ambrose pa depoti mpaka apisa paliponse, ndipo kalatayo yapezeka m'kabokosi ka kutsogolo kwa minibasi, pakati pa mapepala a galimoto ndi sipanala. Yakhala ikuyenda Nsaru, Lilongwe, Nsaru, Lilongwe kwa masiku khumi ndi awiri osalipira. Ndaimanga pamodzi ndi ino, muyambe kuwerenga iyoyo.

Bambo, ulendo uja sunali wodzacheza. Kunali kuyesa. Ndipo tabuleti sidziwa kuti mbuzi ndi za a Davide. Malinga ndi zimene zinalembedwa, azakhali ali ndi sola, wailesi, ziweto, matumba khumi ndi awiri, ndipo amadya katatu. M'mudzi monse amene akuwaposa ndi mwini chigayo yekha. Bambo wamtali uja mpaka anafunsa m'galimoto kuti komiti ya kwanu inaganiza chiyani kulemba mayi wolemera chotero.

Mukuti ndinali chete ngati pamaliro. Inde, anali maliro. Lamulo linanditseka pakamwa, koma ngakhale pakanapanda lamulo, ndikanayamba bwanji kunena pamaso pa alendo kuti bambo anga akunama? Ndipo nanenso ndili ndi mlandu. Kumsana kwa mpando umodzi kunalembedwa kuti Monika Woyera ndi penti yofiira. Mayi Gwaza akanaona, bwenzi atadziwa zonse. Ine ndinaima kumbuyo kwa mpandowo n'kuphimba ndi chikwama, kuopa kuti mungachite manyazi. Chiyambire tsikulo chakudya sichikundilowa.

Lachisanu ndinakawauza Mayi Gwaza zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Rozaria, sabata iliyonse pano pamabwera munthu kudzanena kuti mbuzi za m'bale wake ndi zobwereka. Mawu ako sindingawagwiritse ntchito, ndiwe m'bale. Ngati n'zoona, amene anabwerekayo alembe yekha, eni katundu asayine." Mndandanda utsekedwa pa 29 Novembala. Likadutsa tsiku limenelo, palibe angawonjezere dzina mpaka chaka cha mawa.

Ndiye Bambo, luso lanu lolemba makalata lija lapeza ntchito. Lembani. Chonde musachedwe.

Mwana wanu,
Rozaria

Kanyoni
9 Novembala 2024

Rozaria mwana wanga,

Ndine mayi ako. Moni. Upirire ndi zilembo zanga, cholembera ndinasiyana nacho kale. Ndalemba ine chifukwa bambo ako dzanja lawo lachita dzanzi chilandirire makalata ako awiri aja.

Atawerenga anadzuka. Anatenga khasu ndi ndowa n'kupita kudimba kukathirira anyezi amene ndinali nditathirira kale. Pobwera ndi pomwe anayamba. Ati dzina likalembedwa lalembedwa, ngati m'buku la ubatizo, angafufute ndani? Ati kuja sikunali kunama, kunali kulandira alendo, nanga mlendo amamulandira ndi chitseko cha luzi? Ati ine tcheyamani, munthu wowerenga mawu pa guwa, ndilembe ndi dzanja langa kuti ndinaika zitsononkho m'matumba, a Cosmas asayine, mawa Nsaru yonse imve? Ndinawauza kuti Nsaru yonse ikudziwa kale, inathandiza kunyamula.

Nanenso sindidziyeretsa. Ndinazira nawo, ndipo nsapato ndinapereka ndekha. Tonse tinkati tikukuveka ulemu. Chandipweteka china ndi nsalu yanga ya maluwa, mbuzi ya a Davide inadya ngodya imodzi alendo atangochoka.

Bambo ako analephera kukawauza azakhali ako, ndiye ndinapita ine. Ndinawapeza akusesa. Nditamaliza anangoti, "Chabwino alamu, Mulungu alipo," n'kupitiriza kusesa pamene anasesa kale. Ndikanakonda akanalira kapena kutitukwana. Ndikatumiza kambale amabweza, ati tadya kale. Ukuwadziwa anthu a kwa Kamwaza, kunyada anagawana pakati ndi mchimwene wawo.

Usade nkhawa kwambiri, ndayamba kuwaphika bambo ako. Ndayala pepala ndi cholembera pa tebulo, pomwe pamakhala mbale yawo, ndipo ndanena kuti palibe chochotsa. Chakudya ndikuwapatsa, sindine wankhanza, koma akudyera pamiyendo. Lero ndi tsiku lachitatu. Dzulo msuzi unatayikira pa buluku la kutchalitchi.

Uzidya, mwana wanga. Kuonda kwako sikubweza dzina la munthu.

Mayi ako,
Elizabeti

Mudzi wa Kanyoni, Nsaru
14 Novembala 2024

Rozaria,

Moni. Kalata ili pansipayi ukawapatse Mayi Gwaza. Sindinaimate kuti uwerenge, useke kamodzi, basi zithere pomwepo. A Ambrose ndawauza kuti akaiiwala iyi ndikawatchula dzina pa guwa.

Bambo ako

Kwa Mayi Gwaza,

Ine Cornelius Kamwaza wa m'mudzi wa Kanyoni, ndili ndi nzeru zanga zonse, ngakhale akazi anga akukayika, ndikulemba kuulula zimene ndinachita pa 31 Okutobala pakhomo la mlongo wanga Tisiyenji Kamwaza.

Mayi, chuma chimene munaona chija chinali chobwereka. Mipando munakhalira ija ndi ya Mphakati wa Monika Woyera, ndipo inabwerera kwawo fumbi la galimoto yanu lisanathe. Sola ndi wailesi ndi za a Cosmas, bambo amene anakhala pakhonde atavala chipewa cha ubweya pa dzuwa lija. Solayo sinalumikizidwe ku chilichonse, tinangoikhazika padenga ndi njerwa. Mbuzi ndi za a Davide. Tebulo, nsalu, chitenje ndi nsapato ndi za akazi anga. Matumba munawerenga aja munali zitsononkho, ndipo ndawasunga osamasula kuti mudzapise dzanja nokha.

Pa zonse munaona, za mlongo wanga ndi mphasa, ndowa, mtondo ndi mtengo wa mango. Zidzukulu zitatu zija nazonso ndi zake, sitinabwereke.

Katatu kaja sanayankhe iye. Zala zinali zanga, kuseri kwa chipewa. Ndinachita zimenezi poganiza kuti mwabwera kudzacheza kwawo kwa mwana wanga, ndipo sindinafune kuti muone umphawi wathu. Mlongo wanga anamvera ine chifukwa ndine wamkulu wake. Ngati pali chilango, chibwere kwa ine, koma dzina lake libwerere pamalo pake. Mwana wanga Rozaria sanadziwe kanthu mpaka tsikulo, musamulembere lipoti loipa chifukwa cha bambo ake.

Eni katundu asayina pansipa. A Davide adinda chala, ndipo akuti ndikuuzeni kuti mbuzi zatsala zitatu, ina anagulitsa, musadzadabwe.

Ine wanu wochita manyazi,
Cornelius Kamwaza

Chinsapo, Lilongwe
19 Novembala 2024

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Moni nonse. Kalata inafika tsiku lomwelo. A Ambrose anandisakasaka mpaka ku ofesi ndi miyendo yawo, zikuoneka kuti guwa amaliopa.

Bambo, munati ndiseke kamodzi. Ndinaseka kawiri, kenako ndinakalirira ku chipinda cha fotokope. Zikomo. Ndikudziwa kuti kulemba zimenezija kunali kowawa kuposa kuzula dzino.

Mayi Gwaza anawerenga ine nditaima pomwepo. Atafika pa zidzukulu zosabwereka anavula magalasi n'kuseka mpaka misozi, chinthu chimene anthu a mu ofesi akuti sanachionepo. Kenako anavalanso magalasi aja. Anati pa zaka zonse agwira ntchito imeneyi anazolowera anthu obisa mbuzi kwa anansi akamva kuti bungwe likubwera, koma wobwereka mbuzi kuti aoneke wolemera, inu ndinu woyamba.

Sanalonjeze kanthu. Pamalo pa azakhali panalowa kale banja lina, ndipo nalonso ndi losowa, sangalichotse. Pali malo ochepa amene amasungira madandaulo ngati awa, ndipo owafuna ndi ambiri. Akuti abwera okha kudzaonanso, tsiku limene sanena, ndipo ine sindibwera nawo. Za mpando ndinaphimba uja akuti zilowa mu lipoti langa, chifukwa wogwira ntchito imeneyi akaona choonadi n'kuchibisa, wina amagona ndi njala. Ndavomera, sananame.

Tsono ndikupempheni. Musabwereke kanthu. Komanso musachotse kanthu, chifukwa ndimakudziwani, mungakagwetse nkhokwe ya azakhali ndi kung'amba mphasa kuti zioneke bwino. Musaitane mphakati. Akadzafika Mayi Gwaza, manja anu adzakhale m'thumba.

Kwatsala masiku khumi. Mundidziwitse msanga zikachitika, ine kuno ndikungoyang'ana kalendala.

Mwana wanu,
Rozaria

Mudzi wa Kanyoni, Nsaru
27 Novembala 2024

Mwana wanga Rozaria,

Moni. Amayi ako akupereka moni. Bwana wako anabwera dzulo, ndipo ndiyambe ndi chimene ukufuna kumva: dzina la azakhali ako labwerera. Analemba ine ndikuona. Thumba loyamba alandira pa 9 Disembala. Upume tsopano.

Mayi ameneyu ndi wochenjera, iwe. Galimoto anaisiya pa msika, n'kubwera wapansi dzuwa lili pamutu, atavala chitenje ngati wodzagula nkhuku. Ine uthenga unandipeza kumunda ndikukonza mizere. Ndinathamanga momwemo, matope mpaka m'mawondo, malaya ong'ambika pamsana. Tcheyamani sanaonekepo choncho pamaso pa mlendo.

Ndikuyandikira ndinaona utsi ukutuluka m'khitchini mwa azakhali ako. Ndinati basi, awapeza akuphika, anena kuti tanamanso. Utsi umenewo ndimaudziwa bwino. Munda wathu uli pamtunda, ndipo tsiku lililonse dzuwa likafika pakati ndimaweramuka n'kuyang'ana kumudzi. Ndikaona utsi kwa mlongo wanga ndimati zili bwino, kaya ndi zochepa koma akuphika, n'kupitiriza kulima.

Mayi Gwaza anapisa dzanja m'matumba anga aja, anaona nkhokwe, kenako anapempha kulowa m'khitchini. Ine ndinaima pakhomo. Pamoto panali mphika waukulu wovundikira, ukuwira. Anati, "Mayi, mundilole ndione ndiwo za lero." Azakhali ako anangoyang'ana kumbali. Mayi uja anavundukula.

Munali madzi, Rozaria. Madzi okhaokha.

Anawafunsa mofatsa kuti madziwa ndi a chiyani. Azakhali ako anati, "Ndimakoleza masana kuti achimwene akaona utsi asavutike mtima. Nawonso ali ndi pakhomo pawo." Akuti anayamba mu Seputembala. Amadya kamodzi, madzulo, mango aawisi owiritsa kapena kagaga akapeza ganyu. Tsiku lina amangowapatsa ana, iwo n'kumwa madzi omwewo.

Ine ndinkadziwa kuti mlongo wanga ndi wosauka. Ndinkaona chitseko, ndinkaona mphasa, ndipo ndi zimenezo ndinathamangira kubisa. Zoti sakudya sindinadziwe, chonsecho pakati pa nyumba yake ndi yanga pali mtunda woti ukhoza kuitana munthu n'kumva. Miyezi itatu mlongo wanga akutola nkhuni zophikira madzi kuti ine ndilime ndi mtendere. Sindinachitepo manyazi ngati dzulo, ndipo si manyazi aja ndinkawaopa.

Mayi Gwaza sanandikalipire. Anangotseka tabuleti n'kunena kuti pa 9 Disembala m'patali kwa mwana wa njala. Ndinamva. Asanafike n'komwe pa msika, amayi ako anali atakawatenga onse anayi, ndipo ulendo uno azakhali ako sananene kuti tadya kale. Azidya kwathu mpaka thumba lifike, ndipo likafika tidzaona, mwina azidyabe. Amayi ako akuti pakhomo pabwerera phokoso. Ana aja amadya ngati akupikisana, ndipo ine mbale yanga ndikuiteteza ndi chigongono.

Za iwe bwana wako anati ukuphunzira. Ndinafuna kufunsa ngati zimenezo ndi zabwino kapena zoipa, koma anandiyang'ana, ndiye ndinangothokoza.

Lero masana ndili kumunda ndinaweramuka mwachizolowezi n'kuyang'ana kumudzi. Kwa azakhali ako kunalibe utsi. Ndinakhala pansi pamzere n'kulira, ine bambo ako, ndevu zonsezi. Nditatha ndinasenza khasu n'kupita kunyumba kukadya ndi mlongo wanga.

Bambo ako,
Cornelius